Chepetsani mchere, koma musausiyiretu

Anthu ambiri kuno ku Mulanje akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi BP kapena shuga, amafika pakhomo n'kulamula kuti ndiwo zawo ziziphikidwa mumphika wapadera wopanda mchere ngakhale pang'ono. Cholinga chawo n'chabwino, koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization silinena zosiyiratu. Limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi pafupifupi supuni imodzi yaing'ono ya tiyi yosadzaza mpaka kutumphuka, kuphatikiza zakudya zonse za tsikulo.

Munthu akadya nsima kapena chinangwa, shuga amachuluka m'magazi, ndipo insulini, homoni imene thupi limapanga, ndi imene imamulowetsa m'minofu, momwe shuga wochuluka amathera. Minofu yomweyo imawotchanso mafuta, koma ikakhala yosagwira ntchito mafutawo amaunjikana mkati mwake, ndipo imayamba kusamva insulini, motero shuga amatsalira m'magazi. Mchere nawo ukachepa mopyola muyezo, impso zimatulutsa renin, yemwe amadzutsa mahomoni a angiotensin ndi aldosterone kuti thupi lisunge mchere wotsalawo, ndipo mahomoni amenewa amasokoneza ntchito ya insulini. Kafukufuku wina wa ku America wofalitsidwa mu 2011 anapeza kuti anthu athanzi amene anadya mchere wochepetsetsa kwa masiku 7, matupi awo ankamva insulini movutikira kusiyana ndi pamene ankadya mchere wambiri. Tisanamizane, izi si chilolezo chothira mchere mwachisawawa, chifukwa mchere wochuluka umakweza BP, ndipo BP ndi imene imagwetsa anthu ndi sitiroko.

Choyenera ndi kuphika mphika umodzi wa banja lonse, mchere wake woyeza ndi supuni osati ndi dzanja, ndi kuchotsa kambale ka mchere pamkeka podya. Samalani ndi soda wothira mu therere ndi mu nkhwani, pakuti nayenso ali ndi sodiyamu, chinthu cha mumchere chimene chimakweza BP, ngakhale lilime silimva. Timibulu tokometsera ndiwo tam'golosale nato n'todzaza mchere. Nsomba zouma zothiridwa mchere muziziviika m'madzi ndi kutaya madziwo musanaphike, ndipo nandolo amakoma ndithu ndi tomato, anyezi ndi nsinjiro popanda kuwonjezera zambiri. Mchere wochepa umene mukugwiritsa ntchitowo ukhale wa ayodini, kuti mupewe chithokomiro.

Amene mumathyola tiyi m'maesiteti kapena kukwera ndi katundu pa njinga kuchokera ku Limbuli mumataya mchere ndi thukuta, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Ngati mukumwanso mankhwala a BP okodzetsa monga HCTZ, omwe amatulutsa mchere m'thupi, musasiye mchere musanakambirane ndi adokotala, ndipo mukamamva chizungulire kapena kukokana kwa minofu kawauzeni msanga. Kwa amene mumakhala pansi tsiku lonse, kuyenda wapansi mukatha kudya kumathandiza minofu kutenga shuga m'magazi ndi kuwotcha mafuta ake.