Mankhwala amene salola kulakwitsa ngakhale kamodzi

Anamwino, azamba ndi anzathu a kufamase, mankhwala onse amafuna chisamaliro, koma alipo ochepa amene mukaphonya mlingo, maliro akhoza kuchitika tsiku lomwelo. Paracetamol akachedwa, wodwala amangodandaula. Potassium chloride akalowa mumtsempha wosasungunula, mtima umaima. N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, poyambitsa ntchito yochepetsa kuvulala ndi mankhwala ya Medication Without Harm mu 2017, linaika nkhani ya mankhwala oopsawa pakati pa zofunika kuyambira.

Khalani pansi monga wodi, mutsegule kabati, mulembe mankhwala oopsa amene inuyo mumagwiritsa ntchito. Musakopere mndandanda wa wodi ina. Kawirikawiri mupeza insulin, heparin, warfarin, morphine, pethidine, oxytocin ndi magnesium sulphate. Aikeni pa shelefu yawoyawo, muwamate chizindikiro chofiira. Potassium chloride yekha, ine ndimati asagone m'wodi n'komwe. Timabotolo take timafanana ndi ta madzi osungunulira jekeseni, ndipo usiku magetsi atazima, dzanja lotopa silisiyanitsa.

Azamba, ndikhalitse pa magnesium sulphate. Ndi amene amapulumutsa mayi woyembekezera amene wakomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, koma akachuluka m'thupi amaletsa kupuma. Musanapereke mlingo wotsatira, werengani mpweya ngati ukufika ka 16 pa mphindi, gogodani bondo muone ngati mwendo ukudzidzimuka, ndipo yezani mkodzo ngati ukukwana 30 ml pa ola, popeza mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso. Chimodzi chikalephera, imani kaye muitane dokotala. Calcium gluconate, wobweza mphamvu ya magnesium sulphate, akhale pafupi ndi bedi. Zimandiwawa kumupeza atatsekeredwa m'kabati, kiyi ali ndi munthu amene wapita kukadya.

Polemba mlingo wa insulin, lembani mawu onse akuti units, osati U yekha. Chilembo cha U cholembedwa mothamanga chimaoneka ngati 0, ndiye 6 amasanduka 60. Musanabaye mankhwala aliwonse a pa shelefu yofiira, mnzanu awerenge yekha dzina ndi mlingo, inu musamuuziretu yankho.

Cholakwika chikachitika, ngakhale chitagwidwa wodwala asanalandire mankhwala, chilembeni ndi kukambirana popanda kulozana zala, kuti amene alowe ntchito mawa adziwe botolo limene linasokoneza. Wodwala akavulala ndi mankhwala, lipoti lipitenso ku bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA.