Mmene mungafufuzire timu ya rowing ya atsikana ku America musanasayine

Ngati mtsikana wanu akufuna kukapalasa bwato ku yunivesite ya ku America, musatengeke ndi zithunzi za pa Instagram zija, yambani mwaona kaye ndalama za timuyo, chifukwa zonse zili poyera koma makolo ambiri sazitsegula n'komwe.

Ku America kuli lamulo la 1994 lotchedwa EADA (Equity in Athletics Disclosure Act) lomwe limakakamiza masukulu olandira thandizo la boma kulengeza chaka ndi chaka ndalama zomwe aika pa timu iliyonse. Lowani pa webusaiti ya Department of Education, unduna wa zamaphunziro wa ku America, lembani dzina la sukuluyo, muona bajeti ya rowing, atsikana alipo angati, makochi angati a full time. Ndiye gawani ndalamazo ndi chiwerengero cha atsikana, muyerekeze masukulu atatu anayi. Apa ndiye pamene zimaoneka. Kuchokera pa lamulo la 1972 lotchedwa Title IX, masukulu amayenera kupereka mwayi wofanana kwa anyamata ndi atsikana, ndiye ena amakulitsa timu ya rowing kuti ifanane ndi gulu la anyamata la American football, mayina ambiri papepala koma mabwato ndi makochi ochepa, izi zimandiwawa kwambiri chifukwa mwana amadzuka 5 koloko m'mawa kukangodikira pagombe. Onaninso ngati sukuluyo inayesapo kuthetsa timuyi. Yunivesite ya Connecticut (UConn) inalengeza mu 2020 kuti ikuichotsa, atsikanawo anapita kukhoti ndipo timu inatsala.

Sikolashipi funsani molunjika, musachite manyazi. Kale ku Division I, gawo lapamwamba la NCAA (bungwe loyang'anira masewera a m'mayunivesite), timu imagawana masikolashipi 20 okha, kuyambira 2025 masukulu omwe analowa m'dongosolo latsopano la NCAA malire awo ndi atsikana 68 pa timu, koma sikuti onse 68 alandira ndalama ayi. Mayunivesite a gulu la Ivy League, monga Brown ndi Harvard, komanso a gawo lachitatu la Division III sapereka sikolashipi ya masewera, thandizo lawo amaona momwe banja likupezera. Funsani kuti ndi ya zaka zingati, nanga akavulala msana kapena nthiti imapitilira? A kusukuluko akuyankheni pa imelo.

Za makochi, funsani kuti akhala nthawi yaitali bwanji komanso ngati alipo wa ongoyamba kumene, poti ambiri amalowa asanagwirepo nkhafi.

Za maphunziro fufuzani APR ya timuyo, nambala yoonetsa momwe osewera akuchitira m'kalasi, pa webusaiti ya NCAA, ikatsika pa 930 timu imalangidwa. Lamulo la NCAA limati maola osapitirira 20 pa sabata a masewera koma maulendo salowa m'menemo, ndiye ngati mwana wanu akufuna za udokotala kapena engineering apemphe kulankhula ndi mtsikana wa pa timuyo amene akuchita kosi yomweyo, amufunse kuti malabu amawakwanitsa bwanji. Akamalembera kochi aikemo msinkhu wake, magiredi ndi nthawi yake ya 2k (mamita 2,000) pa erg, makina ophunzirira kupalasa pamtunda, alembetsenso msanga ku NCAA Eligibility Center, ofesi yomwe imatsimikiza kuti ndi woyenera kusewera.