Mkeka wa yoga wochokera ku majuzi akale a ubweya

Amayi ndi abambo a kuno ku Dedza, m'mwezi wa June ndi July simenti ya m'nyumba imazizira mpaka kulowa m'mafupa. Amene mwayamba yoga, masewero odziwongola ndi kupuma mwadongosolo omwe anachokera ku India, mukudziwa mmene mawondo amawawira pamphasa yokha. Majuzi aja anang'ambika m'zigongono angakuthandizeni, ndipo pa kaunjika wa ku Lizulu otere amatsika mtengo chisanu chikangotha.

Ntchito yonseyi yagona pa kusankha juzi. Iyenera kukhala ya ubweya weniweni wa nkhosa. Ubweya umenewu uli ndi timamba tosaoneka ndi maso, ndipo ukakumana ndi madzi otentha, sopo ndi kufikisa, timambato timakolana osamasukanso. Juzi imafupika n'kukhuthala ngati bulangete lolimba. Ya acrylic, ulusi wapulasitiki wofanana ndi ubweya, mungaifikise tsiku lonse, siisintha. Choncho werengani kachikwangwani ka m'khosi, pakhale mawu oti 100% wool. Yolembedwa superwash isiyeni, chifukwa anaikonza kufakitale kuti isamafupike. Ngati kachikwangwaniko kanathothoka, sololani kaulusi kamodzi mukayatse ndi machesi. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo phulusa lake limanyenyeka m'zala, pomwe acrylic amasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Ndimaumirira pa mayeso amenewa chifukwa zimandimvetsa chisoni kuona munthu atatha nkhuni ndi sopo pa juzi yolakwika.

Chotsani mabatani ndi zipi. Thirani madzi otentha m'beseni, oti manja angathe kupirira, ikani sopo pang'ono, kenaka kandani juziyo ngati ufa wa mandasi ndi kuifikisa pamwala wochapira. Iviikeni m'madzi ozizira, muibwezerenso m'otentha, kangapo konse. Musafulumire. Mudzadziwa kuti yatheka mizere ya kalukidwe ikasiya kuoneka, ndiponso mukadula pang'ono m'mphepete ulusi osasololoka. Majuzi akuda ndi ofiira achapeni paokha poti amasuluka. Yanikani choyala pansi pamthunzi, osati pachingwe, kuopa kuti ingatamuke mbali imodzi.

Mkeka wa yoga wa kusitolo umakhala pafupifupi masentimita 180 m'litali ndi 60 m'lifupi. Majuzi 4 kapena 5 a munthu wamkulu amakwanira, koma amene mawondo amakuvutani sanjikizani kawiri. Dulani zigamba za ngodya zinayi kuchokera kumsana, kumimba ndi m'manja mwa juzi. Polumikiza, gundanitsani m'mphepete mwake osapinda, chifukwa msoko wotukuka umabaya pogona chagada. Sokani ndi ulusi wolimba, kapena pitani kwa telala amene makina ake amasoka zigizagi. Zigamba zokhuthala kwambiri zikhale pakati, pomwe pamafika mawondo ndi msana.

Vuto lake ndi limodzi: ubweya umaterereka pasimenti yopolisha. Dulani timalamba ta chubu chakutha cha njinga, musokere kunsi m'makona onse ndi pakati, kapena yalani mkekawo pamwamba pa mphasa. Musayese kuimirira ndi mwendo umodzi musanaone kuti wagwira pansi.

Mukatha masewero, ukung'unteni ndi kuupachika panja uwombedwe mphepo. Ukada, uchapeni ndi madzi ozizira okha osafikisa, apo ayi upitiriza kufupika. Nyengo yotentha muusunge utauma bwino m'thumba lomanga pakamwa, njenjete zingaudye.