Cholembera pa sikilini ya foni chopangira kunyumba

Galasi la foni likang'ambika, chala chimachekeka polemba manambala a mobile money. Bolopeni wamba ndi kamtengo zinakana, chifukwa sikilini za masiku ano zimamva timagetsi ta m'thupi, osati kukanikiza. Foil wa kukhitchini (pepala lachitsulo lokulungira zakudya) payekha anagwira ntchito, koma nsonga yake imakanda galasi.

Chomwe chinathandiza ndi ichi. Chotsani kachubu ka inki mu bolopeni yakale. Dulani pakati kamtengo ka thonje kotokosera m'makutu, mulowetse kumapeto kwa bolopeni, thonje lokha litulukire. Kenaka kulungani foil wa kukhitchini kuyambira m'khosi mwa thonje mpaka pomwe zala zimagwira, mumange ndi selotepi kumtunda kokha.

Apa ndiye pagona nkhani: foil akhudze thonje, zala zikhudze foil. Selotepi ikaphimba pogwirira, njira ya magetsi yaduka. Nyowetsani thonje ndi dontho limodzi, mulifinye. Likanyowa kwambiri foni imadzidina yokha, likauma imasiya kumva.

Thonje ndi foil zimapezeka m'mashopu. Pepala lonyezimira la makirisipi musalidalire, ndi lokutidwa ndi pulasitiki.