Momwe mungachapire ndi kuyanika zovala m'dzinja kuti zisanunkhe komanso kuti ana asalowedwe mphutsi

Kuyambira Novembala mpaka Epulo, dzuwa limangosuzumira n'kubisala, ndipo zovala zimatha tsiku lonse pachingwe zili zonyowa. Nthawi yomweyi ndi imene ana ambiri amatuluka zithupsa zokhala ndi mphutsi mkati. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi: chinyezi chimene chatsalira mu nsalu.

1. Patulani zovala musananyowetse

Zoyera pazokha, zamitundu pazokha, matewera ndi zovala zamkati pazokha. Chitenje chatsopano chiyeseni kaye: nyowetsani kangodya, finyirani pa kansalu koyera. Kansalu kakasintha mtundu, chitenjecho chichapidwe chokha m'madzi ozizira.

Matope a katondo musawapake sopo akadali aawisi, mungowalowetsa mu ulusi. Asiyeni aume, muwakunthe, kenako muviike. Magazi amafuna madzi ozizira okha. Madzi otentha amawaumitsira mu nsalu ndipo banga lake silichokanso.

2. Viikani, koma musagoneke

Mu malita 10 a madzi, lomwe ndi theka la ndowa ya malita 20, sungunulani dzanja limodzi la sopo wa ufa zovala zisanalowe. Mphindi 30 mpaka ola limodzi n'zokwana. Zovala zikagona m'beseni usiku wonse, madzi amasasa ndipo fungo limalowerera mu nsalu.

Madzi a mijigo ina salola sopo wa mtanda kuchita thovu, ndipo amasiya tizinthu totuwa pa zovala zakuda. Kuwonjezera sopo sikuthandiza kwenikweni. Tcherani madzi a padenga, mutalola kaye mvula yoyamba kutsuka fumbi la pamalata. Madzi amvula amachita thovu msanga ndi sopo wochepa.

Jik ndi wa nsalu zoyera za thonje zokha. Masupuni aakulu anayi mu malita 10 a madzi ozizira, kwa mphindi 15, n'kutsukuluza. Matewera atsukuleni kaye ndi madzi okha, chifukwa Jik akakumana ndi mkodzo kapena viniga amatulutsa mpweya wopweteka maso ndi chifuwa.

3. Chapani ndi kutsukuluza

Limbikirani pakolala, m'khwapa, kumapeto kwa mikono ndi m'kamwa mwa matumba. Bulangete lipondeni ndi mapazi m'bafa lalikulu, manja salikwanitsa. Tsukuluzani katatu, kapena mpaka madzi asiye kuterera m'manja. Sopo wotsalira amaumitsa nsalu ngati chikopa ndipo amayabwa khungu la mwana.

4. Finyani mokwanira

Apa ndi pamene anthu ambiri amachita changu, chonsecho madzi amene simunafinye ndi amene dzuwa losowa lija liyenera kuwachotsa. Shiti kapena bulangete finyani anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, mukupotokola mosiyana. Juzi yaubweya siipotokoledwa, imatanuka. Ikulungeni mu thawulo louma n'kupondapo.

5. Yanikani pachingwe, osati pansi

Kuyanika paudzu, pamchenga kapena pampanda wa zitsamba ndiko kuitana mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira panthaka youma ya pamthunzi pomwe pali fungo la mkodzo kapena chimbudzi, komanso pa nsalu zonyowa zimene zili ndi fungo la thukuta kapena mkodzo. Mazirawo ndi ang'onoang'ono kwambiri moti n'zovuta kuwaona pa nsalu. Amaswa pasanathe masiku atatu, ndipo kachilomboko kakakhudza khungu kamaboola n'kulowa. Kamakulira momwemo masiku 8 mpaka 12. Chithupsa chake chimakhala ndi kabowo pakati, chimayabwa, chimalasa, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona kanthu kakugwedera. Kawirikawiri chimatuluka kumsana, m'matako ndi m'chiuno, malo amene chovala chimamatira.

Choncho mangani chingwe pamtetete pomwe pamadutsa mphepo, kutali ndi chimbudzi ndi khola. Chipukuteni ndi kansalu konyowa musanayanike. Kunthani chovala chilichonse, chitembenuzeni kuti mtundu usasuluke, ndipo siyani mpata wa chikhatho pakati pa zovala. Jinzi yanikani matumba ali kunja. Bulangete liyanikeni pa zingwe ziwiri zoyandikana kuti mphepo izidutsa pakati, chifukwa likapindika pa chingwe chimodzi mkati simuuma.

Mvula ikakana kukata, yanikani pakhonde kapena m'chipinda chotsegula mazenera. Musaunjike zonyowa m'beseni podikira mawa. Zimachita timadontho takuda ta nkhungu, ndipo pa shati yoyera ya sukulu timadonthoti sitichoka bwinobwino. Ngati mukuumitsa pafupi ndi mbaula, ikhale panja kapena pakhonde. Utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha.

Masikito okha ndiwo ayanikidwe pamthunzi. Achapeni mofewa ndi sopo wamba, opanda Jik, chifukwa dzuwa ndi Jik zimafooketsa mankhwala ophera udzudzu.

6. Sitani chilichonse chokhudza khungu

Kutentha kwa nsimbi ndiko kumapha mazira ndi timphutsi. Ambiri amasita shati ndi thalauza n'kusiya kabudula wamkati, matewera, masokosi, mathawulo, mashiti ndi chitenje choberekera mwana, zomwe ndi zimene zimagona pakhungu nthawi yaitali. Sitani mbali zonse ziwiri, ndipo chedwani pamisoko, pampendero ndi palastiki wa m'chiuno. Lastiki safuna moto wambiri, choncho yalanipo kansalu kathonje kopyapyala. Nsimbi ya makala ikunthireni phulusa panja, muipukute kunsi, muiyese pa sanza musanaiike pa chovala choyera.

Musapinde chovala chimene chikadali chozizira m'misoko, chimenecho sichinaume.

Mwana akatuluka kale chithupsa chotere, musachifinye mwamphamvu, chifukwa mphutsi ikaphulikira mkati bala limatukusira. Matani kabowoko ndi Vaseline wambiri. Mphutsi ikasowa mpweya imatulutsa mutu, ndipo mutha kuikankha pang'onopang'ono kuchokera m'mbali, n'kutsuka balalo ndi sopo. Ngati chithupsa chili pafupi ndi diso kapena kumaliseche, ngati zilipo zambiri, kapena mwana watentha thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.