Kaseŵenzetsedwe ka mita yopima kuwala mu kamera ya Pentax K1000

Kamera iyi, imene inali kupangidwa kuyambira mu 1976 mpaka 1997, siisintha ciliconse payokha. Mita yake imangokuuzani ngati kuwala kwacepa kapena kwaculuka, koma wokonza ndinu. Imapima kuwala kumene kwadutsa kale mu lenzi, conco ngakhale muike fyuluta, palibe zoŵerengera zina.

Tsegulani kacivundikiro ka pansi pa kamera ndi ndalama yacitsulo, muikemo batili imodzi ya LR44 kapena SR44, mbali ya + iyang'ane kunja. Pofuna kuiyesa, ikani ASA (nambala ya pa bokosi la filimu, yosonyeza mmene filimuyo imamvera kuwala) pa 100 ndi spidi ya shata (kacitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kufike pa filimu) pa cilembo B. Singano ya mita, imene imaoneka mukayang'ana m'kamera, ikakwera pamwamba n'kukhazikika, batili ili bwino. Mita iyi ilibe poizimitsira. Kuwala kukangoloŵa yayamba kudya batili, motero vundikirani lenzi nthawi zonse mukatsiriza kujambula.

Mita siidziŵa filimu imene mwaika. Kwezani mphete yakunja ya gudumu la spidi, muitembenuze mpaka nambala ya ASA ya pa bokosi la filimu ionekere pa kazenera. Manambala acokera pa 20 kufika pa 3200.

Tsopano yang'anani m'kamera. Kumanja kuli singano, + pamwamba ndi – pansi. Ikapita ku +, kuwala kwapitirira: cepetsani cibowo ca lenzi, mwacitsanzo kucoka pa f/8 kupita pa f/11, kapena wonjezani spidi. Ikatsikira ku –, tsegulani cibowo kapena cepetsani spidi. Ikaima pakati, jambulani. Spidi ikacepera 1/60 ya sekondi, manja amagwedeza cithunzi, ndiye pezani potsamiritsa kamera.

Koma singano si yoikhulupirira pa zonse. Mita imasakaniza kuwala konse kwa m'cithunzi n'kukuyesa kotuwa, kosayera komanso kosada. Munthu akaima kutsogolo kwa thambo lowala kapena cipupa copaka laimu, mita imaona kuyerako cabe, ndipo nkhope imatuluka bii. Zikatero yandikirani mpaka munthuyo adzaze cithunzi conse, ikani singano pakati, kenaka bwererani pamalo panu osasinthanso kanthu, ngakhale singano ikwere. Kapinga amene ali pa kuwala komweko nayenso ndi wabwino kupimirapo. Diresi loyera la mkwatibwi limafuna kuti mutsegule cibowo ndi sitepu imodzi (monga kucoka pa f/11 kupita pa f/8) kapena aŵiri kupitirira pamene singano yanena, apo ayi lidzaoneka lotuwa. Pa zinthu zakuda, monga suti, cepetsaniko cibowo pang'ono.

Mukacoka padzuŵa n'kuloŵa m'nyumba, dikirani kamphindi, cifukwa maselo a CdS, tizipangizo ta mita tomva kuwala, amacedwa kuzoloŵera mdima.

Batili ikatha muli kutali ndi shopu, kamera imajambulabe pa spidi zonse, pakuti shata yake siidalira magetsi. Padzuŵa la phwee, ndi filimu ya ASA 100, ikani f/16 ndi 1/125. Kukacita mitambo, tsegulani kufika pa f/8.