Ana akamasokosa m'nyumba nthawi yozizira

Kunja kukazizira, ana amabindikira m'nyumba koma mphamvu zawo zili zomwezo. Kukuwa kuti "khalani chete!" n'kungodzitopetsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wazaka 3 kapena 4 azisewera molimbitsa thupi mphindi zosachepera 180 patsiku, ndiye atani?

Ine ndimakankhira tebulo kukhoma, n'kuyala mapilo pansi kuti azidumphapo. Chotenthetsera m'nyumba chikhale kutali, chonde. Kenako ndimatsegula nyimbo kuti avine. Ndikazimitsa, aliyense aime njii. Wogwedezeka watuluka. Posakhalitsa thukuta lili kamukamu, majuzi avula okha.

Akatopa m'pamene ndimatulutsa mapepala ndi makrayoni. Mukayamba ndi zojambulazo sakhazikika.

Dzuwa likangowala, avekeni zipewa ndi masokosi, akathamangeko panja.